Momwe Ndinathamangitsira Sajeni Kumathithi

Amene akufuna kunditsutsa ayambiretu panopa, asadikire kuti ndifike pakati, chifukwa ine ndikangonyamuka ndilibe siteji. Iwe Esinati, ndakuona kale wapinda mlomo. Pinda, msuweni, udzauwongola wekha. Ndikudziwanso kuti zonse ndinene panozi ukazitula kwa abambo ako madzulo ano, ndiye utchere khutu, ukatule zathunthu, usakadyeko zina m'njira ngati mmene umachitira akakutuma zitumbuwa. Sendererani kuno nonse, buleki ndi yaifupi, ndipo nkhani ndili nayoyi ikundiotcha m'kamwa ngati mbatata yongovuulidwa paphulusa.

Abambo abwerera! Mukumva? Abambo anga ali pakhomo! Mmawa uno ndawasiya akunola khasu kuseri kwa chigafa cha fodya, pamwala wawo womwe uja, ndipo ndinaima pampanda chikwama chili kumsana n'kumangomvetsera kulira kwa khasulo, mpaka ndachedwa asembule, mpaka andipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndipo dzenje limenelo ndikalikumba ndikuimba, ahedi akadabwe.

Inu a kutsidya kwa mtsinje simukudziwa chiyambi chake, ndiye ndikudulireni mwachidule. Amayi anatisiya m'nyengo yozizira ija, ena a inu munabwera kumaliro. Abambo kwathu kuja si kwawo, ndi akamwini. Kwawo ndi kutali, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama. Anabwera kuno kuseri kwa Namitete ine ndisanabadwe, n'kuumba njerwa, n'kumanga nyumba, n'kubzala mango aja mumaba pobwera kusukuluwa. Ndiye titameta komaliza, atsibweni anga, mchimwene wawo wa amayi, abambo ake a Esinatiyu, amene ali eni mbumba yathu, anati nthawi yakwana yoti abambo asudzulidwe. Awamasule, abwerere kwawo, munda ubwerere kwa eni ake. Nanga ine? Ine ndine wa kuchikazi, ndine mbumba ya atsibweni, ndiyenera kutsala. Palibe anandifunsa. Ndinamvera kuseri kwa nkhokwe ndikutola nkhuni zimene palibe anandituma.

Koma kwathu kuja munthu samusudzula ngati akupirikitsa galu. Amamuperekeza mpaka kwawo, n'kukamutula m'manja mwa abale ake pamodzi ndi nkhuku, ndipo nkhukuyo imayenera kuchokera m'khola la malemu, osati yogula pamsika, kuti akwawo aone kuti mwana wawo wachoka mwamtendere. Tsono chitopa cha chaka chino mukuchidziwa. Chinasesa khola la amayi psiti, n'kusiya thadzi limodzi lakuda lokhala ndi anapiye, lomwe sungalilande ana, ndi tambala mmodzi wofiira, woyenda chifuwa patsogolo, amene amayi ankamutcha Sajeni. Choncho ulendo unagwera Sajeni.

Lachisanu madzulo abambo anazungulira pakhomo ponse ngati munthu wotaya singano. Anakhomerera chitseko cha kukhitchini chimene chakhala chikugwedera chibadwire ine. Anandionetsa mamangidwe a chingwe cha mbuzi oti chisaipotokole khosi. Kenaka anakaima pansi pa mango, osathyola, dzanja lili pa thunthu ngati akumva kutentha kwa mwana wodwala.

Loweruka mmamawa inafika pikapu ya a Yusufu a pagolosale. Katundu wa abambo anakwera: thumba limodzi la feteleza. Zaka zonse zija, anzanga, thukuta lonse lija, zinakwana m'thumba limodzi, ndipo thumbalo silinadzaze n'komwe. Bulangeti, wayilesi, jekete ya kutchalitchi, khasu pamwamba. Atsibweni anakhala kutsogolo ndi a Yusufu, ine ndi abambo kumbuyo, ndipo Sajeni anamuika pamiyendo panga atamumanga ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje cha amayi, chija cha maluwa achikasu.

Tinadutsa Msundwe abambo ali duu. Tinadutsa Mpingu abambo ali duu, nkhope ataloza kumbuyo, akuona msewu ukuthawa. Pamene tinkasiya tala kukhotera kumapiri m'pamene anatsegula pakamwa.

"Naphiri," anatero, "uzikaweruka msanga kusukulu. Mbuzi zija sizikudziwa kuti ndachoka."

Basi. Mawu a ulendo wonse amenewo. Ine sindinalire, wina asakunamizeni, linali fumbi chabe, koma fumbi lake linali loti Sajeni ananyowa nalo msana wonse ngati wagwera m'chitsime.

Tsono msewu wa kumapiri kuja si msewu, ndi chilango. Maenje ake ndi oti m'dzenje lina tinapezamo wakabaza amene anagweramo chaka chatha, anangokhazikika, wakwatira momwemo, akugulitsa tomato. Zitunda zake pikapu inkakwera itaimirira ndi matayala akumbuyo ngati mbuzi yobudula masamba a m'mwamba, ine nditakumbatira Sajeni, abambo atakumbatira thumba, thumba litakumbatira chitsulo. Pa chitunda chomaliza injini inawira, nthunzi tolotolo, a Yusufu n'kuimika pambali, n'kutsika akupukusa mutu.

"Bwana, iyi ikufuna madzi," anawauza atsibweni. "Popanda madzi tigona pano ndi anyani."

Madzi analipo, tinkawamva, koma pansi. Pambali penipeni pa msewu nthaka imangothera pomwepo ngati wina anaidula ndi mpeni, ndipo kumunsiko kuli chigwembe chakuya, mtsinje ukubangula m'katimo ngati chigayo cha dizilo. Abambo anatsika n'kutenga chigubu, poti ntchito ngati imeneyo imakhala ya mkamwini ngakhale pa tsiku lomusudzula. Atsibweni analowa kuseri kwa chitsamba kukataya madzi. Ndipo nthawi yomweyo mfundo ija ya kumiyendo kwa Sajeni inamasuka.

Yokha. Inamasuka yokha, Esinati, usandiyang'ane choncho. Anamanga ndi abambo ako, ukawafunse mamangidwe awo. Ine ndinangoona mapiko phuphuphu kumaso kwanga, tambala uyo padenga la galimoto, uyo pamwala, uyo m'malere, kulunjika kuchigwembe akulira ngati wakhoza mayeso.

"Gwira nkhukuyo!" anakuwa atsibweni akutuluka pachitsamba lamba ali m'manja. "Gwira, mwana wopepera iwe! Ikathawa imeneyo ulendo wonsewu wapita pachabe!"

Mwamva? Ananena okha. Ndipo ine, mwana womvera, ndinalumpha.

Kanjira kotsikira m'chigwembemo n'ka anthu ootcha makala, koma ootcha makalawo akafika pamenepo amayamba alapa machimo, chifukwa kutsetsereka kwake n'koti ukaponda phazi lakutsogolo, lakumbuyo limakhala lili pamwamba pa mutu wako, ndipo ndinaona ndi maso angawa nyerere zikutsika chafutambuyo zitagwirana m'chiuno, ina n'kuterereka n'kugwa ikukuwa kuti "mayo!", ndipo mpaka pano sinafikebe pansi. Ine pamenepo ndinatsika chothamanga. Liwiro la mtondo wadooka likuchepa. Masilipasi anga anatentha n'kusungunuka, ndinawasiya akufuka pamwala, chithunzithunzi changa chinakodwa paminga n'kung'ambika, ndinachisiya pomwepo chikundiitana, ndipo ndinadutsa pakati pa chitedze chokhwima, chitedze chenicheni, koma poti ndinali pa liwiro kuyabwa kunandiphonya, kunachita kunditsatira pambuyo wapansi n'kudzandipeza madzulo tili pa Mpingu. Onani mikonoyi. Mukuona zidzolozi? Nanga bodza limatulutsa zidzolo?

Sajeni patsogolo, ine pambuyo. Ndikati ndimugwire mchira, wakhota. Ndikati ndimudulire, wauluka. Inde, ndinatola miyala n'kumaponya, koma yomuopseza kuti aime, nanga nkhuku umaiimitsa bwanji? A Yusufu akuti kumsewu kuja ankamva ndikukuwa kuti "shii! shii!" ngati munthu wopirikitsa nkhuku pamphale. Amenewo ndi mapiri, amatembenuza mawu. Ine ndinkamuitana mwaulemu ndi dzina lake, ndinkati a Sajeni, taimani tikambirane.

Kenaka kanjira kanatha, ndipo ndinangozindikira ndaima pamphumi pa mathithi. Inu mathithi munangowaona m'buku la Jogalafe, kachithunzi kangati sitampa. Awa ndi oti madzi akachoka pamwamba ali ana amakafika pansi ali ndi imvi. Nsomba ikafuna kutsika imayamba yatsazika abale, n'kunyamula kamba wa panjira. Ndinasuzumira pansi n'kuona mitambo, pansi pa mitambo akabawi, pansi pa akabawi mdima, ndipo pansi pa mdimawo kadontho kofiira kakutsika pang'onopang'ono, Sajeni. Ndichite bwanji? Chingwe ndilibe. Ndiye ndinakumbukira kuti paja ine ndimaluka. Iwe Tadala, patchuthi tsitsi amakuluka ndani? Nena mokweza amve. Ndinagwira madziwo, n'kuwagawa patatu, n'kuwaluka chingwe cholimba bwino, n'kukwinya siketi, n'kutsetsereka nacho, madzi akundilira m'makutu, manja akutuluka utsi, ndipo pakatikati ndinakumana ndi utawaleza utapingasa njira, ndinaugunda ndi mutu n'kuupinda, amene akapiteko akaupeza uli chopendekera mpaka lero.

Ndinagwera m'dziwe, phava! Kuzizira kwake, mano anga anagundana mpaka kusinthana malo. Dziwelo lilibe pansi. Ndinamira, ndinamira, mpaka ndinamva anthu akusinja kunsi kwa dziko, ndipo pobwerera nkhanu yaikulu ngati beseni losambira inandigwira siketi, ine n'kuiuza kuti pepani agogo, ndili pa ntchito ya atsibweni, iyo n'kundisiya pomwepo ikunjenjemera, poti mbiri ya ukali wa abambo ako, Esinati, inafika ngakhale kwa nkhanu.

Ndinavuukira kuseri kwa mathithiwo, ndipo kuseriko kuli phanga limene aphunzitsi salidziwa. Mukudziwa kumene zimapita zinthu zonse zotayika? Ndi kumeneko. Ndinapezako mabolopeni onse a Fomu 2 ataunjikana ngati nkhuni, zivundikiro za mapoto za mudzi wonse, sokosi yako ija Tadala, tsitsi la pakati pa mutu wa ahedi litapachikidwa pamwala, ngakhale mvula ija inatithawa chaka cha njala ili m'mitsuko chitsekere. Ndiye ndinati, iii, ngati zonse zotayika zili muno, bwanji ndifufuzeko. Ndinavundukula mulu uliwonse. Ndinalowa mpaka kumapeto kumene kulibe kuwala. Chimene ndinkafuna ine munalibe. Ndipo poti m'menemo munalibe wondimva, pakamwa panangotseguka pokha, ndinakuwa kuti "Amayi!" Mapiri a kumeneko amabweza chilichonse, ukatsokomola amatsokomola, ukayetsemula amayetsemula. Koma mawu amenewo sanabweze. Ndinadikira. Anawasunga.

Mwati zii bwanji? Nkhani ikupitirira. Sajeni analira kumunsi kwa mtsinje, ine n'kudzambatuka.

Kuchoka apo chigwembe chimapanikiza. Makoma a miyala uku ndi uku, ataliatali, kumwamba kumangooneka ngati kaulusi, ndipo dzuwa likafuna kulowamo limayamba labweza mimba n'kulowa cham'mbali. Miyala yake yoterera ngati yapakidwa therere, ukaponda umodzi umakakutula pa wachitatu osakufunsa. Anyani anali ndandanda m'makomamo ngati ife pa asembule, wamkulu wawo ataika manja kumbuyo, ndipo poona liwiro langa onse anaimirira n'kuomba m'manja, ana awo akugwa kumsana ndi chidwi. Mathithi achiwiri ndinawalumpha osawaona n'komwe, ndinachita kumva kwa anyaniwo kuti panali mathithi. Pa achitatu panali phompho loti mbalame zimachita kuzungulira, ndiye ndinawolokera pa mtengo wogwa, ndili pakatikati mtengo uja n'kutembenuza mutu kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Inali nsato. Ndinaiuza. Ndinati ndine mwana wa a Phiri, akamwini a kuseri kwa Namitete, amene akuwabweza kwawo lero. Nsato inandiyang'ana, n'kunena kuti, "Pepa, mwanawe," n'kundiwolotsa bwinobwino. Mukumva? Nsato inapepesa. Kumudzi kwathu konse kuja palibe ndi mmodzi yemwe ananditulutsira mawu amenewo.

Kumapeto kwake chigwembe chimatseguka. Pali mathithi ena aang'ono, ofatsa, ongotsetsereka pamwala ngati akuopa kudzutsa munthu, pali mchenga woyera, bango, ndi mkuyu waukulu. Pamenepo ndinawapeza abambo atanyonyomala akutunga madzi m'chigubu chija. Iwo anatsikira kanjira kena kozungulira, poti umenewo ndi mtsinje wa kwawo, ankawedzamo ali mnyamata.

Tsono apa mumvetsetse bwino, makamaka iwe mtolankhani wa abambo ako. Sajeni sitinamuonenso. Wina asadzanene kuti tambala uja, atatopa, mapiko ali lende, anatuluka pabango n'kuyenda pamchenga kulunjika kwa munthu amene wakhala akumuwazira madeya mmawa uliwonse chimwalirire amayi. Sizinachitike. Asadzanene kuti anadzaima pamapazi penipeni pa abambo, n'kupendeketsa mutu, n'kuwajompha chala chachikulu, pafupi poti ngakhale wakhungu akanangotambasula dzanja n'kumugwira. Asadzanene kuti ine ndinaima m'madzi ofika m'mawondo, mpweya nditaugwira, ndikuyang'ana abambo, munthu amene chibwerere kumudzi kwathu sanakanepo ntchito, sanabwezepo mawu kwa alamu awo, sananamizepo ngakhale mwana, ndipo kuti iwo anayang'ana tambala, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana kansalu ka maluwa achikasu kali m'manja mwanga, kosaduka, kosang'ambika. Zimenezo ndi nkhani za anthu.

Chimene chinachitika n'chakuti mawu a atsibweni anatsika kuchokera kumsewu, poti mawu amenewo safuna kanjira.

"Alamu! Mwaiona nkhukuyo?"

Abambo anavuula chigubu. Anatseka pang'onopang'ono, n'kupotokola chitsekerero mpaka chinalira. Kenaka anakweza nkhope.

"Sitikuiona, alamu!"

Ndipo sanatape madzi m'manja n'kumuwaza Sajeni kumaso. Sajeni sanalumphe mtsinje n'kulowa m'nkhalango ya kutsidya akunyinyirika. Abambo sananene chapansipansi kuti, "Pita, mnzanga. Iwe bola uli ndi mapiko." Sanandigwire pamutu pometedwapa ndi dzanja lonyowa n'kulisiya pomwepo nthawi yaitali. Ine zonsezo sindinazione, ndinali nditatsinzina ndi kutopa.

Kansalu kali pamkonoka? Ndinakatola. Taleka kukagwira.

Ati chiyani, Esinati? Ndilumbire? Ndikulumbira: pali mphenzi, pali yunifolomu yangayi, mayeso a Fomu 2 ndidzalephere ngati nsato ija sinayankhule. Pali manda a amayi? Iwe, manda si choseweretsa pa buleki, amene agona m'menemo ndi mlongo wawo wa abambo ako omwe. Khala pansi ndimalize.

Pokwera ndinawabereka abambo kumsana pamodzi ndi chigubu chomwe, dzanja limodzi ndikugwira mizu, linalo ndikupatsa moni anyani. A Yusufu akakuuzani kuti anaona abambo atandibereka ine, mapazi anga akuchucha magazi, dziwani kuti nthunzi ya injini inawaphimba m'maso, anaonera chadodolido. Atsibweni anangondiyang'ana diso loti chikhala chimanga chikanakazingika pomwepo. Koma poti tinali titayandikira kale, anati tiyeni tikafike, tikaonera konko.

Kwawo kwa abambo anatilandira ndi azakhali anga, achemwali awo aakulu a abambowo, mayi wamfupi wa maso akuthwa ngati lumo. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo, anatiikira lichero la masuku, malonje n'kuchitika. Atsibweni anafotokoza zonse bwinobwino, za matenda, za maliro, za kumeta, mpaka anafika pa mawu oti tabwera kudzatula mwana wanu. Azakhali anayang'ana thumba la feteleza lija. Anayang'ana m'manja mwa atsibweni. Anayang'ana m'manja mwanga.

"Tamva, alamu. Nanga nkhuku?"

Atsibweni anakanda kumutu. "Yatipulumuka m'njira, mayi. Koma si nkhani, tipeza ina pamudzi pompano."

"Pamudzi pano? Mutipatse nkhuku yathu yomwe, ife n'kuomba m'manja?" Azakhali anaseka kuseka kosafika m'maso. "Mlongo wangayu anapita kwanu ali mnyamata wa tsitsi lakuda. Wakumangirani ya njerwa. Wakudwazirani mlongo wanu mpaka kumutseka maso ndi manja akewa. Lero mukudzamutsitsa pano ngati thumba la makala? Bwererani naye. Tsiku limene mudzakonzeke, mudzabwere ngati anthu."

Abambo anali zyoli, akulemba pansi ndi kamtengo. Ine ndinali kuseri kwa azakhali, mtima ukugunda mpaka masuku ankadumpha okha m'lichero. Ndiye a Yusufu, amene nthawi yonseyi ankangolavula nthanga za masuku, analoza kumwamba.

"Bwana, mtambo uwo mukuuona? Ikangogwa imeneyo, galimoto yanga msewu uno siipondanso mpaka anthu atakolola. Tiyeni, kapena mutsale nonse."

Inatipeza tisanafike patala, mvula yoyamba, ya fungo lija. Ndipo musamathokoze a zanyengo a pawayilesi, anaibweretsa ndine, poluka mathithi paja ndinakoka kwambiri, kumwamba kunachita kusomphoka. Abambo anatulutsa jekete ya kutchalitchi n'kundifunditsa, iwo n'kumanyowa, koma ulendo uno nkhope ataloza kutsogolo. Tinafika dzuwa likulowa, mbuzi zili mee pakhola, ndipo zinalidi zisanadziwe kuti anachoka.

Ndiye nkhani yabwino ndi imeneyo, anzanga! Dzinja lonseli abambo ali pakhomo! Tibzala limodzi, tipalira limodzi, tidzaotcha mondokwa limodzi pakhonde mvula ikugwa. Bwanji simukuomba m'manja? Anyani aja anakuposani ulemu.

Zoti thumba lija lili kuseri kwa chitseko chimangire, angotulutsamo khasu lokha, jekete itauma aibwezeramo, zimenezo zilibe kanthu, ndi ulesi chabe. Zoti akamathirira nazale ya fodya amaima n'kumayang'ana kumapiri madzi akutayikira pamapazi, nazonso zilibe kanthu. Zoti dzulo pochokera kutchalitchi atsibweni anadzanyonyomala pakhola n'kuyang'anitsitsa anapiye a thadzi lakuda lija, n'kuloza kamodzi kamene kayamba kufiira pamutu, n'kunena kuti, "Aka n'katambala, kasamalidwe," zimenezonso n'zachabe. Ndikudziwa kuti katambala sikachedwa kukula. Ndikudziwa kuti chimanga chikamadzauma kadzakhala katayamba kulira, ndipo msewu uja udzakhala utauma nawo. Sindine mwana. Agirikatcha ndimakhoza.

Kasamalidwe, eti? Ndikukasamala. Dzulo lomwelo ndinakakweza pamtondo n'kukakankha pang'ono, kanatera bwinobwino. Mmawa uno pampanda. Sabata yamawa pankhokwe, kenaka padenga la chigafa, kenaka pansonga pa mango. Ndikungokalimbitsa mapiko, Esinati, akabawi achuluka chaka chino.

Ati? Tabwerezanso. Abambo ako anena kuti ulendo winawo adzakaika m'chitete, n'kumanga ndi waya, n'kufukata okha kutsogolo kwa galimoto, ine n'kutsala pakhomo? Anena choncho? Liti?

Dzulo lomwelo.

Chabwino. Adzamange. Kamene ndikuphunzitsa ine kadzauluka ndi chitete chomwe, ndi waya yemwe, ndi abambo ako omwe ali lendelende kumunsi lamba ali m'manja, kudutsa Msundwe, kudutsa Mpingu, mpaka kukawatula pakati pa anyani aja, ndipo abambo anga adzakhala ali kuseri kwa chigafa akunola khasu, chaka chino, chaka chamawa, mpaka ine nditamaliza Fomu 4, mpaka nditakhala nesi, mpaka nditawamangira nyumba yawoyawo pamalo poti palibe munthu adzawerengere anapiye. Amene akutsutsa aimike dzanja.

Palibe? Belu ilo, tiyeni m'kalasi. Iwe Tadala, chotsa kampango kakoko, ukundipukuta chiyani? Si misozi iyi. Ndi madzi a kumathithi kuja, sauma msanga.